Chikhakhali Chofika Mochedwa

Dunoon, Cape Town
14 Julaye, 2013

Okondedwa Ababa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kutsikira kudimba ndi chisanu cha mwezi uno? Nanga chifuwa chija chinasiya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo chichokereni Lamulungu lija munandidulira foni. Papita masabata asanu. Ndikaimba, mchimwene wanga Yeremiya amati mwapita kudimba, chonsecho ndikukumvani mukutsokomola pambali pake. Bodza salitha mwana wanuyo, anatengera inu.

Ndiye ndati ndilembe kalata, poti papepala mawu amafika mu ndondomeko yake. Ndapatsira a Dennis, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno. Akaisiya pa Chimbiya, pagolosale ya a Musa.

Kuno mvula ndi ya mwezi uno, yosadziwa nyengo. Denga la kanyumba kanga likudontha pakati penipeni pa bedi, moti ndimagona nditakumbatira beseni. Ntchito idakali yomwe ija yosita nsalu za pabedi kunyumba yogona alendo. Kuzizira kwa kuno n'konyowa, sikufanana ndi kwathu kuja nkhungu ikatsika m'phiri, inu n'kutulukira kuchokera kocheka matabwa jekete likununkhira paini, amayi atatikwiririra kachewere paphulusa. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya matabwa kukangonunkhiza, mlonda mpaka anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Tsopano ndifotokoze za foni, ndipo chonde muwerenge mpaka pansi musanapinde pepalali.

Kuimba kumudzi molunjika kuchokera kuno n'kokwera mtengo zedi. Mukukumbukira chaka chatha, ndinkangoti muli bwanji, inu musanathe kutchula odwala a m'mudzi, mayunitsi atha. Ndiye mnzanga wa m'kwaya, Trust, wa ku Mayani, anandionetsa njira ina. Timagula kakhadi pagolosale ya bambo wina wachisomali, n'kukakala kumbuyo kwake. Poimba sindiyamba ndi nambala yanu ayi. Ndimayamba ndaimba nambala ya kampani ina, mayi wa m'makina n'kundiuza pa Chingerezi kuti ndidine manambala a pakhadi paja, khumi ndi awiri, kenaka ndiye ndidine yanu. Kampaniyo ndi imene imatilumikiza. Ndalama imene kale inkathera pa moni wokha, tsopano imandipatsa pafupifupi ola lathunthu. Ndinasangalala, Ababa. Ndinati basi, ndizimva nkhani zanu zonse, ndi za mbuzi zomwe.

Chimene Trust sanandiuze n'chakuti mawu a m'njira imeneyi sadziwa chidule. Akuti amayamba akazungulira kumaiko a azungu kaye, ngati munthu wochoka ku Dedza kupita ku Lilongwe kudzera ku Salima. Kufika amafika, koma mochedwa.

Tsiku lija munandisimbira za malume Batolomeyo, kuti anakwera minibasi pa Chimbiya kukakhuthulira munthu kachewere m'thumba, dalaivala n'kuiyendetsa galimoto, iwo n'kukatsikira ku Linthipe ndi ndowa yopanda kanthu, kondakitala akuwaumiriza kulipira ulendo. Munafotokoza mwa chizolowezi chanu, osaseka, ngati mukuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Nkhaniyo itandifika ndinafa nalo phwete. Ndinaseka mpaka mayi woyandikana nane anagogoda khoma.

Koma kumeneko inu munangomva zii. Yeremiya wandiuza mmene zinakhalira, poti anali nanu pachulu paja mumagwirira netiweki. Akuti munadikira pang'ono, ndipo mutaona kuti sindikuyankha, munatsitsa mawu n'kunena kuti abale agwirizana tsiku lovundukula chiliza cha amayi, pa 7 Seputembala. Mutangotseka pakamwa, chikhakhali changa n'kutulukira. Akuti munaichotsa foni kukhutu, munaiyang'ana, n'kudina batani lofiira. Pobwerera kunyumba munauza azakhali kuti Joni yakudyerani mwana.

Nayenso Yeremiya poyamba sanandikhulupirire, anati ndikungofuna pothawira. Ndiye tinayesa. Ndinamuuza kuti akangomva ndawomba m'manja, nayenso awombe nthawi yomweyo. Ndinawomba n'kuyamba kuwerenga, ndipo ndinafika pa zisanu ndisanamve kuwomba kwake. Mumufunse, akuuzani.

Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komanso sindikukana kuti ndinaseka. Pakamwa panga mukupadziwa. Amayi ankati ine ndidzaseka ndi pamaliro pomwe, ndipo ankanena zimenezi iwonso misozi ya phwete ili mbwembwembwe. Paja ine ndi amayi pamsewu tikugulitsa kabichi ndi mapichesi, madalaivala ankati amadziwa kuti afika pa Chimbiya akamva kuseka kwa Nangozo ndi mwana wake. Wotiseketsa munali inu nomwe. Munkaponya mawu amodzi mukudutsa ndi khasu paphewa, n'kumapita osacheuka, ife tikugubuduzika pa mkeka.

Chimwalirireni amayi, nthabwala zija munazisiya. Pafoni munkangondiuza za feteleza ndi za amene agonekedwa kuchipatala. Nkhani ya malume ija inali yoyamba kukumvani mukucheza ngati kale, patatha chaka ndi miyezi. N'chifukwa chake ndinaseka mopitirira muyeso chotero. Sinali minibasi yokha ayi, ndinakondwa kuti bambo anga abwerera.

Pali china chimene simunamve. Mawu anu a chiliza anandipeza ndidakali kuseka, ndipo kusekako kunathera pomwepo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Ndinaitana amayi. Ndinakuuzani kuti ndibwera ngakhale andichotse ntchito, ndinakufunsani ngati pamwalapo mwalembetsa dzina lawo la ubatizo kapena la Nangozo lomwe anthu ankawadziwa nalo. Ndinayankhula nthawi ndithu osadziwa kuti ndikuyankhula ndekha, mpaka mayi wa m'makina uja ndiye anandiyankha, kundiuza mphindi zimene zatsala pakhadi. Kuseka kunakupezani, Ababa, koma kulira kunali kudakali m'njira pamene munadula.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu la pa 28, Misa ikatha, mudzakwere pachulu paja, Yeremiya adzakugwireni mkono chifukwa cha bondolo. Ndidzaimba molunjika, osadzera kwa kampani ija, ngakhale zidzangokhala mphindi zitatu. Moni wautali tsiku limenelo tidzausiye, palibe adzatizenge mlandu. Mudzangonenanso mawu aja a tsiku la amayi monga munanenera, kuti mudzamve ndi makutu anu chimene mwana wanu anayankha.

Tchuthi ndapempha kale, andilola masabata awiri, choncho kubwera ndibwera ndithu. Nsalu yoti azakhali adzavale ndagula, ndi chipewa chanu chaubweya. Koma ndikuopa kudzaima pamanda a amayi pafupi ndi inu, mukuganizabe mumtima kuti ndinawaseka. Chimenecho sindingachipirire.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa malume ndi akazi awo, kwa Yeremiya ndi mlamu wanga, ndi ana onse mmodzimmodzi. Moni kwa amayi a m'mphakati mwathu amene akutithandiza kukonzekera. Inuyo muzivala zofunda m'mawa, musamadzione ngati mnyamata.

Mukapanda kukwera pachulupo, ine ndidzaimbabe, ndipo sindidzadula mpaka foniyo idzatope yokha kuitana.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Perepetuwa