Kabokosi Kofiira ndi Chala cha Chindevu

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano maola awiri. Nkhani yake Mdziwazonse, makina athu othandiza olemba mapulogalamu. Munthu akalemba mzere umodzi, iwo amalosera mizere khumi yotsatira, munthu n'kudina batani la Tabu, basi yalowa. Yanga ntchito ndi maonekedwe ake: batani likhale pati, mawu anene chiyani.

Vuto ndi loti makinawa alibe manyazi. Akapanda kudziwa amangopeka, nkhope ili gwa. Ndati tiike kabokosi kofiira kotulukira pa sikirini: "Apa ndikungolota. Werenga kaye." Bwana akuti ndi mwano, makasitomala athawa. Iwo akufuna "Nali ganizo lina labwino." Ndawauza kuti bodza ngakhale livale tayi ndi bodza ndithu.

Lachitatu, 5 Malichi

Bwana andikumbutsa kuti anzanga onse ali ndi madigiri. Eya. Ine ndinadziphunzitsa ndekha pa kompyuta yong'aluka sikirini, ndipo sindibisa. Ndamenya tebulo: kabokosi kakapanda kulowa, ine ndikutuluka. Tiyi khuthu pa mapepala awo. Sindinapepese.

Avomera kuyesa sabata ziwiri. Anthu akadandaula, kabokosi kachoka. "Ndipo inu mayi, kolowera mwanena kale nokha."

Kunyumba bambo a mwana angopukusa mutu. "Pakamwa pakopo, tsiku lina tidzagona ndi njala."

Lachisanu, 21 Malichi

Dandaulo ngakhale limodzi, ayi! Anthu akulandira mizere monga kale. Bwana alengeza pamaso pa onse kuti ganizo la kabokosi linali "lathu tonse". Zikomo kwambiri. Andisamutsira pa desiki ya pawindo, mpando wake wosapendekeka. Lachinayi ndikalankhula kwa eni kampani za makina oona mtima. Amadigiri aja maso pansi. Kukoma!

Lolemba, 24 Malichi

Ndinakhala kumbuyo kwa Chindevu, mkulu wa olemba mapulogalamu, kuti ndimujambule akuwerenga chenjezo, chithunzi ndikaonetse Lachinayi. Theka la ola foni ili m'manja. Kachala kake pa Tabu ngati nkhuku yanjala. Jo, jo, jo. Chofiira chang'anima, chazima. Chang'animanso, chazima. Ndinamugwira paphewa, n'kumufunsa za kabokosi.

"Kabokosi kati, achemwali? Ine ndimayesa sikirini yanga ikufa."

Ndinathamangira pa desiki kukafufuza wolakwa kuti ndimukalipire. Ndine. Batani lotsekera chenjezo ndinaika Tabu yemweyo wolandirira mizere. Anthu awa kuchotsa dzanja pa mabatani kuti agwire mausi amakuona ngati chilango, ndiye ndinkati ndiwapeputsire ntchito. Poyesa ndekha ndinkadina modekha ngati wowerenga kalata ya chibwenzi. Iwo amadina kawiri asanaphethire.

Sabata ziwiri. Palibe ndi mmodzi yemwe anawerenga. Nkhomaliro sinalowe.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndinalowa kwa Bwana osagogoda, ndinaulula zonse. Ndinkayembekeza mkuntho. Iwo anaseka mpaka kuvula magalasi. Ati anazindikira tsiku lachiwiri lomwe.

"Chenjezo lilipo, makasitomala sakuvutika, inu muli pawindo. Walira ndani?"

Ndinati ndikonza, munthu azidina batani lina kuti katseke. Ati konzani mayi, ufulu ndi wanu, koma madandaulo akabwera pangano ndi lomwe lija. Ndipo abweradi. Ndinayesera Chindevu yekha masana, ndinamusinthira batani. Mphindi zisanu sizinakwane, watukwana kabokosi, makina, ndi amene anatibereka tonse.

Mwana ali ndi chimfine. Ambulera ndaiwala m'basi.

Lachinayi, 27 Malichi

Chipinda cha pamwamba, tebulo lalitali, madzi a m'mabotolo. Ndinaonetsa kabokosi kanga pakhoma, kofiira bwino, katangoima phee monga sikanaimepo pa sikirini ya munthu aliyense. Eni kampani kugwedeza mitu. Mmodzi, mayi wa imvi, anafunsa: "Nanga anthu amawerengadi?"

Bwana anandiyang'ana. Chindevu anayang'ana kudenga.

Ndinati, "Palibe amene wadandaulapo."

Onse kuomba m'manja. Ati kabokosi kalowe m'zida zathu zonse, ndipo woyang'anira ndine.

Si bodza. Ndabwera ndikudziuza njira yonse, si bodza, palibedi wadandaula. Bambo a mwana akuti ndakula tsopano. Ndinafuna kuwagenda ndi mbale.

Kukonza batani lija ndi mzere umodzi, mphindi ziwiri. Fayilo ndinaitsegula ndisanaweruke, ndinaiyang'ana, ndinaitseka. Mwina Lolemba. Kapena mwezi ukatha, anthu akayamba kuiwala.