Mawu a Kumbuyo mu Nyimbo ya Delight

Kabwata, Lusaka
9 Okutobala 2008

Okondedwa ba sisi Muriel,

Muli bwanji ku Lundazi? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga alamu anga ba Phineas? Ife kuno tilipo, koma ine sindikukhazikika.

Kalata yanu ndaiwerenga kanayi. Mwalemba kuti Delight si mwana wanunso, ndipo ku ukwati wake mu Disembala simudzapondako, chifukwa watenga nyimbo ya chinamwali n'kuiika pa wailesi.

Zoona, nyimboyo yafala kuposa mmene tinkaganizira pamene anapambana mpikisano wa pa TV. Lolemba ndinakwera minibasi ku City Market. Kondakitala ankaiimba mokweza ali lende pakhomo, osadziwa kuti akuimba zimene mkwatibwi amauzidwa chitseko chili chotseka. Mayi wina wachikulire anapempha dalaivala kuti azimitse. Dalaivala anawonjezera, akuti ndiyo nyimbo ya chaka chino.

Alangizi anzanga tinakumana kwa mkulu wathu amake Sampa ku Chelstone. Anati mtsikana wosalangizidwa sangaidziwe nyimbo imeneyi, ndiye kuti alipo wina anaitulutsa m'nyumba. Anagwirizana kuti mpaka munthuyo adziwike, palibe mlangizi amene adzalangize Delight. Azakhali a mwamuna wake ku Kabulonga nawonso ayamba kufunsa ngati ukwati ungachitike motero. Ku Chelstone kuja ine ndinali pomwepo, kugwedeza mutu limodzi ndi alangiziwo, n'kumamwa tiyi wawo.

Ba sisi, munthuyo ndi ine.

Mu Juni Delight anabwera kuchokera ku situdiyo ya ku Woodlands maso ali ofiira. Ba Jethro, amene amajambula nyimbo zake, anamuuza kuti zonse zimene analemba zikufanana ndi za aliyense, apeze ya kumudzi. Delight anandipeza ndikusita, ndikuimba chapansipansi nyimbo ija amayi anatiphunzitsa. Atafunsa, ndinamuuza kuti ndi nyimbo yolimira. Anakhulupirira. Mwana wokulira kwa ine kuno ku Kabwata khasu amalidziwira pa chithunzi.

Ndikanasiyira pomwepo bwenzi ndikunena kuti linali tsoka. Koma ba Jethro atati pakufunika mawu a munthu wamkulu kumbuyo, ndinavala chitenge changa cha ku maukwati n'kupita ndekha. Ndinaimba katatu. Anandipatsa zakumwa zozizira, anyamata onse kumanditchula mwaulemu kuti ba mayo, ngati mayi wawo. Sindikubisirani, ndinakondwa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuiimbira atsikana oyang'ana pansi. Tsiku limenelo anthu anandiombera m'manja.

Mpaka lero Delight sakudziwa tanthauzo lake. Dzulo anandifunsa atagwira foni yake, "Ba anti, ndawalakwira chiyani amayi?" Ndinamuyankha kuti mwina ku Lundazi mafoni akuvuta.

Loweruka likubwerali ndikupita kwa amake Sampa kukanena zonse. Ndikudziwa kuti adzandilanda ng'oma ya ulangizi, ndipo sadzandiitananso ku ukwati wa munthu. Zimenezo n'zanga. Koma pambuyo pake mawu anga sadzamveka, ndipo mwanayu adzasowa womupepesera. Inu ndinu woyamba kubadwa wa amayi, amake Sampa analangizidwa ndi amayi athu omwewo. Mukagwada inu, adzamva. Kwerani basi, ndidzakuchingamirani ku siteshoni ya Intercity. Mukafuna kunditukwana munditukwanire pomwepo, anthu kumeneko anazolowera phokoso.

Mwalemba kuti chimene chinakupwetekani koposa n'chakuti ba Jethro anapeza nkhalamba yoimba ngati malemu amayi. Ikadzaliranso pa wailesi musazimitse msanga. Mumvetsere pamene nkhalambayo imathera mpweya isanamalize mzere wachiwiri. Amayi sankalephera pamenepo. Amene munkamuseka chifukwa cha zimenezi kuyambira tili ana mukumudziwa.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa ba Phineas ndi kwa azakhali athu. Mukayankha, muyambe mwamuimbira foni Delight.

Ndine mng'ono wanu,
Barbara