Njinga Yopanda Kaliya

Lolemba, 7 Julayi 2025

Ndalembetsa. Mpikisano wa njinga uliko pa 19, kuyambira pa boma la Phalombe, kudutsa pa Migowi, kukatembenukira ku Chiringa n'kubwereranso. Okonza ndi anyamata a kalabu ina ya ku Blantyre. Wolemba mayina, Richard, wandifunsa ngati ndinapikisanapo. Ndati ayi, ngakhale kamodzi. Wandiika m'gulu la oyamba kumene, kenaka wayang'anitsitsa njinga yanga n'kunena kuti ndi njinga yapamwamba. Chitsikire nayo basi ya ku Joni mu Epulo muja, iyeyu ndiye munthu woyamba kuiyamikira.

Zaka zonse zija ndikuthirira maluwa a eni, chomwe ndinabwera nacho ndi chimenechi. Abwana posamuka anandisiyira njinga yawo ya mpikisano, ya matayala owonda ngati chala, yopanda kaliya. Ntchito ina sinapezeke, ndinadwala, tomwe ndinasunga tinathera komweko. Ndinafika kwa Nazombe, kumudzi kwa mkazi wanga Aliness komwe ndili mkamwini, ndi chikwama chimodzi ndi njingayi. A Goodman, malume ake omwenso ndi ankhoswe, sanazungulire: "Akamwini, anzanu amabwera ndi malata. Inu mwabwera ndi njinga yosanyamula ndi nkhuku yomwe. Kakhaleni kwanu kaye, ife tiganize." Aliness anangoyang'ana pansi osatsegula pakamwa. Chimandiwawa ndi chimenecho, osati mawu a malume akewo.

Ndiye ndili pano pa Migowi kwa achemwali anga a Enelesi, kugona pabalaza pamodzi ndi matumba a nandolo. Msewu wa mpikisano ukudutsa pakhomo pa apongozi penipeni. Ndikufuna mudzi wonse udzandione ndikudutsa ndili kutsogolo, adziwe kuti njingayi ili ndi ntchito yake. Ndikufuna kubwerera kunyumba kwanga, basi.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndinadzionetsa nzeru lero. Ndinati mwamuna aphunzirire pa chitunda, n'kulowa msewu wafumbi wopita ku Fort Lister. Ndisanafike n'komwe pokwera penipeni, tayala lakumbuyo phwii. Wokonza njinga wa pamphambano wayesa pampu yake, siikulowa, akuti kamlomo ka chubu n'kachilendo. Ndabwerera chokankha, Michesi akundiyang'ana njira yonse.

Nickson, mnzanga wa kabaza, wandipeza panjira ali ndi mayi wonenepa pakaliya, komabe wandipitirira akuimba likhweru. Madzulo wabwera kudzandiseka bwinobwino. Akuti, "Aise Wyson, njinga yako ndi ya bwana, miyendo yako ndi ya gadeniboyi." Ndaseka nawo, nanga n'kutani. Pampu ya njingayi ndinali nayo m'chikwama cha ku Joni, sindinkadziwa kuti ndi ya chiyani.

Magiya sindikuwamvetsabe. Ndikafuna opepuka ndikupeza olemera.

Lachisanu, 11 Julayi

Chiperoni tsiku lonse. Miyendo ngati si yanga, pokhalira pakuyaka moto. Sindinakwere.

Lamulungu, 13 Julayi

Rejoice, mwana wanga, wabwera ndi aneba omwe amabwera kutchalitchi kuno. Watalika. Wandipatsira kambale kokulungidwa m'kansalu, mkati muli kalongonda. Agogo ake ndiwo aphika, akuti ndidye ndipeze mphamvu, ndipo tsiku la mpikisano adzayala mphasa pakhonde kuti adzandione ndikudutsa. Kalongonda saphika munthu wongokukumbukira mwangozi. Nyemba zimenezi zimafuna tsiku lathunthu ndi mtolo wa nkhuni, kutaya madzi n'kuthiranso ena, apo ayi anthu aledzera nazo. Ndipo akuti agogowo akutsokomola kwambiri masiku ano.

Ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo maso chikwatirire, mwambo wake ndi umenewo. Tikakumana panjira wina amapatuka, tikamalankhula iwo amayang'ana kumbali. Koma tsiku lomwe a Goodman anandichotsa, ndi iwo okha omwe analankhula, ali kuseri kwa nkhokwe: "Mwana wa eniyu wabwera wamoyo. Ena amabwera m'bokosi."

Ndamufunsa Rejoice kuti amayi ako akuti chiyani za mpikisanowu. Akuti, "Akuti mudzagwa." Chabwino. Bola akundiganizirako.

Lachiwiri, 15 Julayi

Richard ndi anzake anabwera kudzaona msewu, ndipo ananditenga. Pofika pa Migowi lilime linali panja. Iwo akucheza nkhani za mpira ngati akhala pa benchi.

Wandiphunzitsa chinthu chomwe sindikanachiganiza. Akuti mdani si chitunda, ndi mphepo. Ukabisala kumbuyo kwa mnzako, tayala lako pafupi ndi lake, iyeyo ndiye amalimbana ndi mphepo, iwe umangotsatira. Ndayesa, ndi zoona, koma mtima uli m'mwamba kuopa kumugunda. Wabwereza kangapo: "Bambo Wyson, lamulo ndi limodzi. Osasiya gulu. Kaya botolo lagwa, kaya wina wakuitanani, osayima. Mukangotsala nokha, mpikisano wanu wathera pomwepo."

Wandibwereka chipewa cholimba cha okwera njinga. Kabudula ndapeza pa kaunjika, wakuda, wothina, wa siponji kumatako. Nditamuyesa achemwali anagwetsa chipande. "Achimwene, amenewo ndi maliseche. Pakhomo panga pano muzivala thalauza pamwamba." Sakunama. Ndadziyang'ana pagalasi la windo, ndachita manyazi ndekha.

Ndatopa mpaka kutafuna kukundilemera.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndamuona Aliness pamsika. Anabwera kudzagulitsa nandolo, ndipo thumba lake analinyamula ndi Nickson pa kabaza. Mkazi wanga kulipira mnzanga kuti amunyamulire katundu, ine nditayima poteropo ndi njinga m'manja. Nickson sanandiseke lero, anangoyang'ana kwina.

Tapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi. Wati, "Mwaonda." Ndati ndi njingayi. Kenaka wati, "Amayi sakupeza bwino. Dzulo sanadye." Ndinayenera kunena kuti tiyeni pompano. Koma Richard anati masiku awiri omalizawa miyendo ipume, komanso sindinafune kukafika pamaso pa a Goodman ndisanachite kanthu. Ndiye ndati ndidzabwera kudzawaona mpikisano ukatha.

"Mpikisano ukatha," wabwereza choncho, n'kumanga ndalama zake pa chitenje, ulendo.

Mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu tsiku lonse. Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachisanu, 18 Julayi

Magetsi chizimire dzulo, foni yafa. Ndatsuka tcheni, ndapopa matayala, ndagula nthochi. Nambala yanga ndi 41, achemwali andisokerera kumsana kwa malaya chifukwa mapini ndataya.

Loweruka, 19 Julayi

M'mawa. Phala lakana kulowa. Ndikungopempha kuti pofika pakhomo paja ndikhale ndidakali m'gulu.

Lamulungu, 20 Julayi

Ndikulemba ndili kwa Nazombe, kuseri kwa khola la mbuzi, pomwe ndapeza kampata. Thupi lonse ndi chilonda chimodzi.

Tinanyamuka pa boma dzuwa litangotuluka. Thalauza ndinasiyira achemwali pamzere woyambira. Akatswiri anasowa nthawi yomweyo, sitinawaonenso. Ife oyamba kumene tinapanga kagulu kathu, anthu ngati khumi, ndipo ndinachita zomwe Richard ananena: ndinamata kumbuyo kwa mnyamata wina wa malaya ofiira osamusiya. Pa Migowi a kabaza onse anali m'mbali mwa msewu, Nickson akukuwa dzina langa ngati wapenga. Titadutsa pamenepo ena anayamba kutsala. Mwendo wamanzere unayamba kukokana, pakhosi pouma, koma ndinali ndidakalimo. Tikuyandikira kwawo kwa Aliness tinali titatsala anayi, ndipo ndinaona kuti wa malaya ofiira uja watopa. Ndinati pano ndi pomwe ndidutse, apongozi andione ndili patsogolo. Ndinatuluka kumbuyo kwake, ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga kutsogolo kwanga kunalibe munthu.

Kenaka ndinaona masamba pamsewu. Nthambi zaziwisi, zoyalidwa kudula msewu, zina zitapondedwa kale ndi matayala a akatswiri aja.

Aliyense wakula kuno amadziwa. Masamba pamsewu ndi maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Sindinganame kuti ndinaganiza zaulemu. Mumtima ndinkatukwana, ndinkati bwanji lero, bwanji pano. Koma manja anali atagwira kale mabuleki, mwendo unali utatsika kale. Atatu aja anandidutsa fyuu, mmodzi akukuwa kuti ndapenga. Wa njinga yamoto woyang'anira mpikisano anayima pambali panga: "Fote wani, kwerani! Mukutaya mpikisano!" Ndinavula chipewa n'kuyamba kukankha.

Ndinayenda pang'ono ndisanakweze maso. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango wa apongozi. Pakhonde pomwe anati adzayala mphasa panali podzaza amayi, ndipo kulira kunkachokera m'nyumba mwawomo. Apongozi anali atatisiya m'bandakucha. Anthu anayesa kuimba foni yanga, sinkapezeka.

Sindikukumbuka kuti njinga ndinaigoneka bwanji. Ndinangozindikira ndayima pakati pa bwalo, thukuta lili chuchuchu, m'kabudula uja, mudzi wonse ukundiyang'ana. Anyamata anali atakwiya kale chifukwa cha omwe anadutsa chothamanga, ena atatola miyala, ndipo mmodzi anati, "Ndi omwewa awa." Ndinafuna nthaka ingondimeza. Kugwada kunakanika, mwendo unali utauma. Ndinangoyamba kulira choimirira, ndipo sikunali kulira kwa mwambo. Ndinkalira Lachinayi lija.

Aliness anatuluka m'nyumba maso atatupa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamasula chitenje chake chapamwamba, anabwera pakati pa anthu onsewo, n'kundimanga nacho m'chiuno ndi manja ake. Anabwerera m'nyumba.

Ndinakakhala kumapeto kwa amuna. A Goodman anandisiya nthawi yaitali osandiyang'ana. Okwera aja pobwerera kuchokera ku Chiringa anapeza anyamata atayima pamsewu, ndipo onse anatsika, akatswiri omwe, n'kumakankha njinga zawo nsapato zikulira kwakwakwa pa tala. Richard anabwera kudzapepesa chipewa chili m'manja. A Goodman anamuyankha mwachidule kuti, "Mmodzi yekha mwa inu ndiye anatsika osauzidwa." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, njinga yanuyo akuti imathamanga?"

Ndinati imayesetsa.

"Akulu athu a Eneya ali kwa Jenala, sanamve. Mwini mbumba sauzidwa maliro a mlongo wake pa foni, ndipo popanda iwo sitingakumbe manda. Pitani. Wina awapatse thalauza awa."

Ntchito imeneyi satuma mlendo, amatuma mkamwini wa pakhomo. Ndinadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndadziwa.

Kwa Jenala n'kutali, ndipo miyendo inali itatha kale. Mphepo yonse inali yanga ndekha, popanda wobisalako kumbuyo. Tala atatha, fumbi ndi mchenga, tayala linaphulika kamodzi, ndinamata. Pena ndinkatsika n'kukhala pansi osadziwa ngati ndidzukanso. Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinagwada pamaso pa a Eneya, ndinapereka uthenga monga a Goodman anandiuzira, mawu ndi mawu. Mkuluyo misozi inayamba kutsikira m'ndevu. Nditatembenuka kuti ndizipita anandifunsa kuti nambala ili kumsanayo ndi ya chiyani. Ndinali nditaiwala kuti ilipo. Ndinati ndi ya mpikisano. Anafunsa ngati ndinapambana. Ndinati sindinamalize.

Iwo anakwera njinga yamoto ya mdzukulu wawo, ine ndinagona komweko, thupi linakana. Ndadzuka kusanache n'kubwerera pang'onopang'ono. Ndafika adzukulu atayamba kale kukumba manda. Tiika masana ano.

Ndinapeza Aliness kuseri kwa nyumba yathu akutsuka mbale za anthu olira, mawu atamuthera. Ndinamubwezera chitenje chake nditachipinda. Kambale ka kalongonda kaja kadakali kwa achemwali, sindinabweze, ndipo nditamuuza anangogwedeza mutu n'kupukuta m'maso ndi mkono. Ndinayima pamenepo nditagwira njinga, osadziwa kolowera. Pabwalo anthu ndi ambiri, ana ayamba kale kuseweretsa magiya. Ndinamufunsa ngati pali poti ndingaisiye.

Sanakweze mutu. "Mukufunsa ngati mlendo bwanji? Kaikeni kuchipinda. Musambe, madzi ali pamoto."