Amayi Ali M'makina a Ababa

Lamulungu, 11 Ogasiti 2024

Katundu wa ababa agawa lero titaweruka ku tchalitchi. Mwezi wathunthu chipinda chokhoma, kiyi m'thumba mwa ababa aang'ono, a Laban. Ati za malemu sakhudza abale asanakhale pansi. Chabwino, sitinakhudze.

Mphasa pabwalo, zonse poyera ngati pamsika wa ku Chipyela. Masuti a ku Joni. Nsapato zija ankazisungira tsiku lalikulu lomwe silinafike. Njinga yopanda tcheni. Ine andipatsa Baibulo ndi ketulo. Mng'ono wanga Tinyade amusungira bulangete, kaya adzalifunda liti poti mapepala ake ku Joniko sanalongosoke, ndi kumaliro komwe sanabwere.

Makina ojambulira za pa TV atenga a Laban. Nditati nditsegule pakamwa, azakhali ananditsina pantchafu.

M'makinamo muli amayi. Kaseti ya 1996, tsiku la Petulo Woyera, amayi a Umodzi akuimba m'tchalitchi chachikulu, woyambitsa nyimbo ndi amayi athu. Ababa atabwera nawo makinawa kuchokera ku Joni anatsanuliramo kasetiyo, kaseti yeniyeniyo inachita nkhungu tinataya. Zithunzi chiswe chinadya kalekale. Kwina kulikonse amayi kulibe. Pomwe ankamwalira ine ndinali ndi zaka khumi, Tinyade ziwiri.

A Laban akwera sitima ya Ilala Loweruka kubwerera ku Mzuzu.

Lolemba, 12 Ogasiti

Shopu sindinatsegule, ofuna fotokope adikire. Ndinalawirira ku Khuyu kwa azakhali komwe akugona a Laban. Ndinagwada pansi, ine mayi wamkulu.

Ati, "Chogawidwa sichibwerera m'nyumba, umadziwa iwe Evelina." Ndinati sindikufuna makina, ndikufuna zamkatimo basi. Anangondiyang'ana ngati ndapempha madzi a m'botolo n'kusiya botolo lotsekeka.

Makinawo ndi odwala kale. Chaka chachitatu tsopano ukawalumikiza ku TV amangoonetsa mizere yobiriwira. Ababa anawafunditsa kansalu koluka n'kumangoti tidzakonzetsa. A Laban akuti ku Mzuzu akakonza, mwana wawo azijambulira mpira. Okonzakonza ndimawadziwa ine. Chinthu chikangofika m'manja mwawo, choyamba n'kufomata, kufufuta zonse zamkati, kufunsa pambuyo.

Pomaliza avomera kuti makina agone kwathu mpaka Lachisanu poti kwa azakhali kumadontha fumbi la udzu. Koma ati, "Osamasula. Zinthu za achimwene zipite zathunthu."

Ndayankha kuti eya. Panjira yobwerera ndinalira ngati mwana, anthu a ku Yofu akundilambalala ndi madengu awo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mwera wayamba. Foni ikungothawira netiweki ya ku Mozambique, mpaka ndinakwera pamwala wa kuseri kwa bafa kuti ndigwire yathu.

Alamu a Nickson, amuna a Tinyade, ntchito yawo ku Joni ndi yokhoma madishi a TV. Ndinawatumizira zithunzi za makina, kutsogolo ndi kumbuyo. Anandiuza kuti ndiyatse ndigunditse khutu. Ndinamva kulira kwapansipansi ngati njuchi m'chitini. Ati ndiye kuti disiki ili moyo, chafa ndi chotulutsa zithunzi chokha.

Kotulukira DVD kunauma kalekale. Bowo la fulashi limangolowetsa, silitulutsa. Latsala bowo limodzi kumbuyo, la chingwe cha netiweki, koma eni ake opanga analitseka pakamwa kuti munthu asakopere zamkati. Kuti litseguke, pafunika kumasula bokosi, kusuntha kapulasitiki kena pa timisomali tiwiri, kenako kuwamwetsa makinawo pulogalamu ina kudzera pa fulashi. Zikatheka, ndilumikiza chingwe ku rauta yanga, laputopu iwaona makinawo ngati kabati yotsegula.

Zikakanika?

Voyisi yawo inayamba ndi kutsokomola. Ati, "Alamu, ndisakunamizeni. Magetsi akazima pulogalamu ili pakati, makinawo sadzadzukanso."

Tinyade analanda foni. Iye zaukadaulo alibe nazo ntchito. Anangoti, "Achemwali, ine mawu a amayi sindiwadziwa. Mwana wanga akandifunsa kuti agogo ankalankhula bwanji ndimangoloza kumwamba." Kasetiyo anaionerapo kamodzi kokha ali kamtsikana, mtima uli kumasewera, kenako anapita ku sukulu yogonera ku Nkhata Bay, kenako Joni.

Ndikasiya, a ku Mzuzu afufuta. Ndikagwira, mwina ndipha ndekha. Mutu waima.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Pulogalamu ija yatha m'mawa wonse ikutsika. Kaduka, kayambiranso, kaduka. Bandulo yapita ngati madzi m'dengu.

Za magetsi sindikufuna kuyesa Mulungu. Aneba athu a usipa sakupita panyanja ndi mwera umenewu, ndiye ndakabwereka batire lawo la nyali. Andinyamulira mpaka pakhomo, akuseka kuti kodi a Evelina mwayamba usodzi. Inveta ndatenga ya ku shopu. Batire likununkha usipa, pabalaza ponse usipa.

Ndatseka chitseko, ndachotsa kansalu ka ababa. Sikuludiraiva m'manja kwa nthawi yaitali, osaigwiritsa ntchito. Pa sikuluwu imodzi panali kapepala ka fakitale kosang'ambika chigulire. Ababa anali munthu wotero, ngakhale pulasitiki ya pa rimoti sanachotse.

Ndinalankhula mokweza ngati wamisala, ndinati ababa mundikhululukire, si mwano, ndikufuna amayi. Ndinaboola kapepalako.

Mkati fumbi, mazira a buluzi awiri ouma, mapiko a mphemvu. Ndapukuta ndi nthenga ya nkhuku. Kapulasitiki kaja ndakapeza pafupi ndi kabatire kozungulira, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Zala zanga zazikuluzi zinakanika, ndinachita kukatola ndi chozulira nsidze. Kanagwa pansi kamodzi, ndinakwawa nyumba yonse mtima uli m'mwamba. Kanali pansi pa phazi langa lomwe.

Kali pamalo pake tsopano. Kuyatsa sindinayatse. Mphamvu zandithera.

Azakhali anabwera madzulo ndi chinangwa, ndinawalandirira pakhonde. Ati bwanji watseka m'nyumba masana. Ndinati mphepo.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndinapita kaye ku Misa ya m'mawa. Sindinamve kalikonse, ndinangogwada.

Fulashi m'bowo. Chala pa batani lojambulira, dzanja linalo kuyatsa, monga anenera alamu. Pa kagalasi ka kutsogolo panatuluka timizere tikuyenda, kenako manambala akukwera. Ndinakhala pansi manja m'khosi.

Ali pakati, magetsi a m'nyumba phethi! Filiji zii. Mayo ine! Koma makina ali pa batire la usipa, manambala akukwerabe osadziwa kanthu. Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira. Aneba amenewo Mulungu awadalitse, ukonde wawo uzidzaza.

Kenako kagalasi kanazima kokha. Mdima. Njuchi ija chete.

Ndinaimbira alamu, foni osagwira. Ndinathamangira pamwala paja, osagwira. Kubwerera m'nyumba, mdima womwewo. Ndinati basi Evelina wapha amako kachiwiri, ndi manja akowa, chifukwa cha kusamva. Ndinagwira bokosilo, lofunda ngati mphumi ya wodwala. Ndinakumbuka kuchipatala mwezi watha, dzanja langa pamphumi pa ababa. Ndinaopa kuchotsa dzanja.

Kaya panapita nthawi yotani. Ndinangomva tekete, njuchi yayambanso. Kagalasi kayaka.

Chingwe ku rauta. Kanyali kachitatu ka rauta, kamene sikanayakepo chiigulire, kayamba kuphethira. Pa laputopu ndalemba manambala ananditumizira alamu. Kabati yatseguka.

Koma abale, ababa! Mafayilo mbwee, opanda mayina, manambala okhaokha. Ndatsegula loyamba, mpira. Lachiwiri, mpira. Nkhani za madzulo za chaka chiti kaya. Maliro a munthu wina wamkulu. Azungu akuphika. Ndiye kuti usiku uja ankati akuwerenga Baibulo ankajambula anthu ophika? Ndinawakalipira ngati ali pampando wawo paja.

Alamu nditawapeza anati ndifune fayilo lalikulu, lakale kuposa onse. Lili pansi penipeni. Ndalitsegula pang'ono chabe, mawu nditatsitsa. Mipanda ya tchalitchi, maduku oyera. Ndatseka msanga. Osati lero, liyambe lafika kwanga.

Kukopera kwayamba. Kukuyenda ngati nkhono. Alamu ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo zawo n'zosavuta, a Laban sawadziwa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Kunacha kukopera kutaduka panjira. Disiki ikumagogoda, go go, kenako n'kupitiriza. Ndayambiranso. Makina ndawaika pa njerwa ziwiri, ndikuwapepeza ndi chivundikiro cha poto ngati ndikukoleza mbaula.

Uthenga kuchokera kwa azakhali: a Laban abwera akadya nkhomaliro. Maso pa kamzere kobiriwira koonetsa kukopera pa laputopu, khutu kunjira. Galu akauwa ine ndaimirira.

Kanafika kumapeto ndikumva mawu awo akupatsana moni ndi aneba. Ndinazula zingwe, laputopu pansi pa pilo, bokosi kutseka. Sikuluwu imodzi yatsala, ndinaiponya m'ketulo. Kansalu pamwamba.

Anakhala pampando wa ababa. Akalamba a Laban, sindinaone bwino tsiku lija chifukwa cha mkwiyo. Makutu ngati a ababa. Anasisita kansaluko nati, "Achimwene ankawakonda makinawa." Anatembenuza bokosi kuti alimange m'chitenje, chala chawo chinaima pa kapepala kobooka paja. Anandiyang'ana. Ine maso pansi.

Anamanga mfundo, anapempha madzi akumwa, anapita.

Ndikanakonda akanandikalipira.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ilala yafika mochedwa ndi mphepoyi. Ndinawaperekeza, chitenje cha makina chili pamutu panga mpaka padoko. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ati ndizisamala nyumba.

Kunyumba ndakhoma chitseko, ndakweza mawu mpaka kumapeto.

Phokoso la mabenchi. Mwana wina akulira. Wojambula anaima kutali, kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, dzanja likugwedera. Kenako mawu amodzi okha, okwera, osasa pang'ono poyambira monga ankachitira akatiitana kuchokera kudambwe, kochapira zovala kuja.

Amayi.

Ndinagwa pansi. Sindinaone chilichonse, nkhope inali m'chitenje. Ndabwereza kaya kangati. Mawu amenewo ndikanawadziwa ngakhale pakati pa msika. Ndawasowa, abale, ndawasowa, ndimayesa ndinazolowera.

Ndasunga pa laputopu, pa fulashi, ndi pa kompyuta ya ku shopu. Chiswe chibwere tione.

Ndadula gawo la nyimbo yoyamba, ndalichepetsa monga anandiphunzitsira alamu. Pamwala paja mpaka dzuwa kupendeka, foni m'mwamba ngati ndikupereka nsembe. Lapita kwa Tinyade.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Tinyade watumiza voyisi tikutuluka m'tchalitchi. Poyamba kupuma kokhakokha, mphuno zikulira. Kenako ati, "Achemwali, ndamva. Ndamvetsera usiku wonse. Koma pa amayi onsewa, athu ndi ati?"

Ndinaseka. Ndinati funso lanji limeneli, dikira ndikuuze. Ndinatsegula laputopu, ndinaimitsa chithunzi.

Mizere itatu ya amayi. Maduku oyera, mabulauzi oyera, masiketi abuluu, onse chimodzimodzi. Nkhope iliyonse kukula kwake ngati nyemba. Ndikakulitsa ingosungunuka, maso palibe, pakamwa palibe. Poyambitsa nyimbo wojambula anali akuonetsa kuguwa, pomwe ankatembenuka onse anali atalandira kale.

Ndayang'ana mzere woyamba. Wachiwiri. Ndabwereranso.

Ababa akaika kanemayu ankaimirira kutsogolo kwa TV n'kugunditsa chala pagalasi, "Awo amanu awo." Ine ndinkakhala kumbuyo kwawo nditawerama, kumvera mawu. Msana wawo ndi umene ndinkaona. Zaka zonsezi ndimayesa nkhope ya amayi ndili nayo m'mutu. Ndatseka maso kuti ndiione, kukubwera duku loyera basi.

Foni ikungolira. "Achemwali?" "Mwaona?" "Mwana ali pano akudikira."

Pali wina wamtali mzere wapakati, wachitatu kuchokera kumanzere, mutu wapendeka pang'ono. Amayi anali aatali. Kapena ine ndi amene ndinali wamfupi.

Ndamulembera kuti wachitatu kuchokera kumanzere, mzere wapakati.

Wayankha nthawi yomweyo. Ati anadziwa, mtima unamuuza kale. Ati akufanana nawo khosi. Akukatsukitsa chithunzicho mawa achipachike pabalaza.

Ambuye, ngati mwanayu ndamupatsa mayi a eni ake