Funso la nambala 12

Lolemba, 3 Malichi

Mafakitale anayi lero, wapansi. Awiri a pulasitiki, ya makandulo, ya mipando. Mafunso omwe aja: maoda akwera, atsika kapena ali pomwepo? Antchito angati? Makina akuyenda maola angati? Miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi mukuiona bwanji? Abwana amati tikaphatikiza mayankho a mafakitale mazana awiri timadziwa komwe ntchito yopanga katundu ikulowera, eni akewo asanadziwe n'komwe. Mlonda wa kumipando wandiimika pageti ola lathunthu, ati ndikuoneka ngati wamsonkho. Mawa kwa alamu. Fakitale yawo ya nsapato za ana asukulu yagwera pamndandanda wanga.

Lachiwiri, 4 Malichi

Alamu anayamba akana. "Pepala likatuluka pageti panga silikhalanso langa." Ndawawerengera mzere wapamwamba pa fomu, woti mayankho ndi achinsinsi ndipo dzina silituluka. Ndalumbira mpaka kutchula malemu mayi. Achemwali nawonso, "Muyankheni mwanayu, ndi ntchito yake." Basi alamu amasuka.

Funso 12, chimene chikukulepheretsani kupanga katundu wambiri. Makina omatira soli za nsapato anafa mu Januwale, chitsulo chake sichinafikebe. Anthu khumi ndi anayi akumata ndi manja, fungo la guluu mpaka mutu. Wopikula wamkulu, amene amatenga theka la nsapato zawo, sakudziwa. Ndalemba zonse, kabokosi kanachepa mpaka ndatembenuza pepala.

Lachisanu, 14 Malichi

Mafomu onse ndapereka. Abwana andiyamikira pamaso pa anzanga, ati anga ndi odzaza bwino, osati a ena ongochonga. Ndamwetulira ngati chitsiru tsiku lonse. Lipoti latuluka madzulo: zapulasitiki zikukwera, zachikopa zatsika miyezi itatu yotsatizana, ambiri akulira zitsulo za makina. Ndaona ntchito ya miyendo yanga pa tsamba lachitatu.

Lachinayi, 3 Epulo

Achemwali aimba ndili m'basi. Wopikula uja wathetsa oda yonse ya temu ikubwerayi. Wapita ku fakitale yaikulu ya kuseri kwa njanji. Munthu wa kumeneko anakamuuza kuti makina a alamu anafa mu Januwale, mpaka kutchula chitsulo chake. Mawu anga enieni a kuseri kwa pepala.

Ndinapitirira potsikira panga.

Lolemba, 7 Epulo

Sindinadye bwino kuyambira Lachinayi. Mnzanga wolowetsa mayankho m'kompyuta wandikokera kukhonde. Akuti mafomu a zachikopa abwana anawatenga okha, nakawachita fotokope nthawi ya nkhomaliro. Mkulu wa fakitale yaikulu ija ali m'komiti imene imalipirira kafukufuku wathu. Aliyense muofesi amadziwa, kupatula ine. "Usanditchule, ndili ndi ana," basi wabwerera pampando wake.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndalowa kwa abwana. Ndawafunsa za fotokope ija. Sanakane n'komwe. "Dzina sitinapereke, tinalimata. Lonjezo lathu ndi la dzina." Mafakitale a nsapato pamndandanda wonse alipo atatu. Ina ndi yaikulu yomwe ija, ina imasoka za akuluakulu. Wotsalayo angakhale ndani? Ndawafunsa zimenezo. Ayang'ana wotchi. Ati ndikadali mwana pantchito, ndidzamvetsa.

Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga mzere uja mokweza, ndikumuyang'ana woyankhayo m'maso. Zaka zitatu. Anthu angati andiuza zamumtima chifukwa cha nkhope yangayi?

Loweruka, 19 Epulo

Ndalimba mtima, ndapita kwa alamu. Mabenchi awiri opanda munthu. Antchito asanu ndi mmodzi awauza kuti ayambe akhala kunyumba, kuphatikizapo mayi wodula chikopa amene wakhala nawo chitsegulireni. Makatoni a nsapato zakuda mpaka kudenga, zopanda kopita.

Ndinakonzeka kutukwanidwa. Alamu angoimirira, kundipatsa mpando, "Mwatiyendera a kafukufuku." Ine amene amanditcha kamlamu kuyambira ndili pasukulu. Ndafotokoza za fotokope. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako abwerera kukamata soli.

Achemwali andiperekeza mpaka pamsewu. Sanandidzudzule. Angoti, "M'nyumba muja sakulankhula ndi ine. Paja ndinamukakamiza ndine." Chitsulo chija chafika dzana.

Lachiwiri, 22 Epulo

Kalata yosiya ntchito ndailemba kawiri. Ili m'chikwama. Lendi pa 30, ndipo mankhwala a bambo amadalira ine.

Lachisanu, 25 Epulo

Abwana andiitana okha. Tiyi, mabisiketi pambale. Ndinaganiza kuti akundichotsa, ndinafika mpaka pomasuka mumtima. Ayi. Gawo lachiwiri la kafukufuku liyamba mu Meyi, mafakitale mazana atatu. Akufuna ndiyang'anire ofunsa asanu ndi atatu atsopano, ndiwaphunzitse mmene ndimachitira kuti anthu azimasuka. Desiki yanga, galimoto ya ofesi, kuyenda wapansi kutha. "Palibe wina amene anthu amamukhulupirira ngati iwe."

Bisiketi ndinadya. Ndawayankha kuti ndikaganiza.

Chondinyansa n'chakuti ndikuganizadi.