Phulusa la a Gerald m'garaja

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku South Bend, ku Amereka, tilipo. Mwana amene munamusiya ali m'mimba uja tsopano akuyenda, ndipo tinamutcha dzina lanu. Achimwene anaimba foni kuti chimanga cha kudimba kwanu chachita bwino, kungoti mbuzi za a Nasibeko zinadyako. Koma lero ndalemba chifukwa ndili ndi nseru, ndipo amene ndinkawauza zoterezi ndinu.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kunali bambo wina wa ku Mangalande, a Gerald. Moyo wawo wonse unali wa zisudzo. Anasewera zaka zambirimbiri m'maholo a ku London, kenako m'mafilimu, koma umwini filimu sanaulaweko. Iwo ankangokhala woperekera zakudya, woweruza milandu, kapena dokotala wobwera ndi uthenga woipa. Atakula anabwera kuno kudzaphunzitsa zisudzo, mpaka miyendo inakana. Ndikamawameta ndevu ankandilakatulira mawu a m'masewero awo, thovu lili kukamwa, osaphonya ndi limodzi lomwe, chonsecho dzina langa ankaliiwala tsiku ndi tsiku.

Chimene ankaopa n'kupita popanda wowaperekeza. Ankati m'mafilimu anaikidwapo m'manda kangapo, olira ali khamu, koma onsewo anali pa ntchito. Anandigwira dzanja kuti pa maliro enieniwo ndidzakhalepo, ine n'kulonjeza.

Anamwalira Lachiwiri. Inu munkati, "Esnati, kumaliro usamadikire kuti akuitane," ndiye sindinavutike n'kuimba foni. Ndinamema amayi anayi a kutchalitchi, tinaphika mpunga ndi nkhuku, Loweruka m'mawa tinamanga zitenje n'kuuyamba ulendo wa ku Lawrence, ku Indianapolis, kwa mwana wawo wamwamuna.

Amayi, zimene tinakapeza! Mwanayo, bambo wa imvi zake, ali pakabudula, akulongedza mowa m'galimoto, akuti akupita ku Speedway kukaonera mpikisano wa magalimoto. Anatiuza uku akumwetulira kuti thupi anawotcha kale Lachinayi, mwambo kulibe. Zithunzi za bambo ake, mawigi, ndi mabuku a masewero olembedwalembedwa m'mbali ndi pensulo, zonse zinali m'majumbo akuda m'mphepete mwa msewu, kudikira galimoto ya zinyalala. Nditafunsa za phulusa, analoza m'garaja. Kabokosi kali pashelefu, pakati pa zitini za penti ndi mankhwala a makoswe.

Mayi Gondwe, mmodzi wa anzanga aja, anandinong'oneza, "Asisi, ndiye awakirimeta osainifoma munthu? Tiyeni tizipita, angatiitanire apolisi." Ine ndinakana kuchoka. Ndikudziwa kuti kuno ali ndi chikhalidwe chawo, ndipo mwina a Gerald anamulakwira mwanayo, pakuti zisudzo zinkawachotsa pakhomo miyezi ndi miyezi. Koma bambo ako okubereka, pafupi ndi mankhwala a makoswe? Ayi, zinandinyansa.

Ndinapempha kuti tiimbeko. Anayang'ana wotchi, n'kunena kuti tikhoza kuimbira panja. Anatseka garaja, kuliza galimoto, uyo wapita. Ife tinakhala pansi pasimenti moyang'ana chitseko chotsekacho, tinaimba nyimbo zitatu, Mayi Gondwe n'kupemphera. Nkhuku ija tinabwerera nayo.

Ndinalira mpaka anzanga anadabwa kuti mzunguyu anali ndani wanga. Pobwerera ndinkamutukwana mwana uja chamumtima, mpaka ndinakumbukira kuti inunso munaikidwa ine ndili pa shifiti, ndikuopa kuti ndikatuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa. Maliro anu ndinawaonera pa kaseti ya vidiyo imene achimwene anatumiza, nditakhala pasofa. Nseru ija inanditembenukira ine mwini, ndipo mpaka lero sinandichoke.

Mapepala ondiloleza kukhala kuno akangotuluka ndikubwera, Amayi, ndidzakhale pansi pamanda anu ndikulireni bwinobwino. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati