Chikhoti cha Malemu

Lolemba, 3 Marichi

Lembani, anzanga a taipi, inu munagwirapo ntchito mu ofesi. Ine cholembera chimandizemba m'zala. Koma kabukuka ndi kanga, musawerengere munthu.

Lero mpongozi wanga wayamba nkhondo ndi chikhoti cha malemu amuna anga, chija chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko changa. Amauza mwana wanga m'Chizungu, ine ndili pomwepo ngati mpando. Liwu limodzi ndaligwira poti walibwereza katatu, mphuno atakwinya: pemiyeti. Kenako akuti chikhoticho chichoke lisanafike Loweruka, kukubwera alendo a kuntchito kwake. Izi zokha wanena m'chinenero chathu, kuti nkhalamba imve bwino.

Mwana wanga maso ali m'kapu.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ndiye mwalipeza m'chibuku chanu chomasulira mawucho. Lembani monga mwandiuzira: kulowerera mpaka m'kati, ponseponse, osasiya malo, ngati mafuta papepala. Mukuti amanenera fungo, madzi, utsi, ngakhale mantha akagwira nyumba yonse. Munthu wolowa pakhomo samunenera, nanga iye amalowa n'kukhala pamalo amodzi.

Zaka zonse zija kusukulu, kuti mpongozi wanga adzapeze liwu lonenera kuti apongozi akununkhitsa nyumba. Ife timangoti "kukununkha", nkhani yatha, malovu osawononga.

Chikhoticho fungo chili nalo, sindikana. Girisi wa kugalaja ndi fodya wa m'kaliwo. Zaka zisanu ndi zinayi chimwalirireni, ndikaika nkhope pakolala ndimawapeza. Koma fungo lawo limathera pachitseko changa, bambo aja sanali oyendayenda m'zipinda za eni. Limene lili m'kolidomo ndi lina.

Lachitatu, 5 Marichi

Mpongozi wagula zitini ziwiri za mankhwala opopera. Tsopano nyumba ikununkha ngati maluwa oiwalika m'botolo.

Lachinayi, 6 Marichi

Ine ndachapira anthu zaka makumi anayi. Nyumba zazikulu, za makapeti. Fungo la chovala chopindidwa chisanaume ndimalidziwa ngati chifuwa changa. Ndiye m'mawa ndinamuuza mpongozi bwinobwino, ndinati: "Mayi, chinyontho icho. Kabati yanu ya zovala inamatana ndi khoma la kubafa, mphepo siidutsa. Tayang'anani kuseriko."

Iye: "Amayi, kabatiyo anaikhoma ndi akatswiri."

Akatswiri. Penti watupa matuza m'munsi mwa khoma, akatswiriwo mwina amaona ngati n'zokongoletsa.

Madzulo mwana wanga anagogoda. "Amayi, ndi masiku ochepa chabe." Chikhoti chija anachichotsa pamsomali, anachikulunga m'jumbo yakuda ya zinyalala, n'kukachikiyira kusitolo ya panja, kuja kumakhala zitini za penti ndi wilibala. Osandiyang'ana n'komwe. Munthu amene ndinkamufunditsa chikhoti chomwecho akamanjenjemera ndi malungo, miyendo ili ngati timitengo.

Msomali watsala wokha. Musalembe kuti ndinalira. Lembani chimfine.

Lachisanu, 7 Marichi

Chikhoti kulibe, fungo lilipo. Lanenepa kumene.

Dona akuti ndiye tanthauzo la liwu lija limenelo, fungo linalowerera kale m'makatani. Wachotsa makatani onse, wachapitsa. Wabwera kudzanunkhiza matilesi anga, ine ndili chikhalire pamwamba pake. Akuti nawonso tiwaganizire. Lero matilesi, mawa ndine m'jumbo.

Tafufuzaninso m'chibukumo, anzanga. Kodi chinthu chomangidwa m'jumbo, chokiyidwa panja, chingalowerere m'nyumba kudutsa makoma awiri? Mukuti sichinena. Chibuku chonenepa chonchi. Mphuno yangayi ilibe tsamba ndi limodzi lomwe koma yayankha kalekale.

Loweruka, 8 Marichi

Lembani msanga, ndili ndi ntchito.

M'mawa mpongozi anatsegula mbali ya kabati ija satsegula kawirikawiri, ya zovala za paphwando. Sindinamve kukuwa. Ndinangomva zii, wailesi n'kuizimitsa. Ndinapita ndi ndodo yanga kukasuzumira. Diresi lake loyera lija mawanga obiriwira kuyambira paphewa mpaka m'munsi. Suti ya mwana wanga yatuwa ndi nkhungu. Nsapato zamera ubweya ngati ana amphaka.

Mwana wanga anakanula thabwa la kumbuyo. Khoma lakuda bii, kugwira madzi m'manja. Wa mapaipi atabwera anagogoda kawiri, akuti paipi yakhala ikudontha m'kati mwa khoma miyezi yambiri, njerwa zonse zamwa. Sananene Chizungu chilichonse bambo ameneyo, koma aliyense anamva.

Ine ndinabwerera kuchipinda kwanga, ndinakhala pamatilesi anga onunkha aja. Sipanapite nthawi, gogogo. Mpongozi, diresi lili pamkono.

"Amayi, kodi izi zimachoka?"

"Zimachoka. Viniga, dzuwa, ndi manja odziwa."

"Alendo afika folo koloko."

"Akatswiri aja simuwaimbira?"



Kenako ndinati: "Ine ndikumva kuzizira, mayi. Popanda chikhoti manja awa sagwira kanthu."

Kunja dzuwa lili phwee, thukuta lili kamukamu pamphumi pake. Mwana wanga anayamba kupapasa makiyi m'thumba, iye anati, "Bweretsani," n'kupita yekha kusitolo. Jumbo anamasulira panja. Anabwera nacho atachinyamula ndi manja awiri, kolala ili pafupi ndi mphuno yake, osakwinya.

Ndi ichi ndavalachi, anzanga, musandiseke. Ndikuwiramo ngati m'ketulo koma sindivula.

Tsekani kabuku. Uyo akubwera ndi beseni.